Lachitatu: tiyi wa Cecily pa kamera

M'mawa wonse wathera pa kukonza kanema wathu wa gawo lachiwiri la The Importance of Being Earnest, sewero la Oscar Wilde lomwe linaonetsedwa koyamba ku St James's Theatre ku London pa 14 February 1895. Zonse zimachitikira malo atatu okha: kunyumba kwa Algernon, mnzake wa Jack, m'munda wa nyumba ya Jack ya kumudzi ku Woolton ndi m'chipinda cha nyumba yomweyo. Ojambula kanema akaona kuchepa kwa malo kotere mtima umawauza kuti atulutse anthu panja. Oliver Parker anatero mu 2002. Anthony Asquith mu 1952 sanafune kubisa kuti ndi sewero, mpaka kanema wake amayamba ndi katani ikutseguka m'holo ya zisudzo. Ife tatsamira kwa Asquith, koma osati kwathunthu.

Chovuta kwambiri ndi kuseka. Pa siteji wosewera amaima kaye anthu amalize kuseka. Pa kamera mukasunga kampata kameneko chithunzi chimangoti zii, koma mukakachotsa, nthabwala yotsatira imamira m'phokoso la oonera. Choncho mpatawo timaudzaza ndi nkhope ya amene akumvetsera, kapena dzanja likuchita kanthu.

Taonani pa tiyi, pomwe Gwendolen ndi Cecily akuganiza kuti akulimbirana mwamuna mmodzi. Gwendolen wakana shuga, Cecily amuponyera zibulu zinayi. Wapempha buledi wopaka batala, alandira chidutswa chachikulu cha keke. Onse akulankhulana mwaulemu ngati palibe kanthu, chifukwa wantchito Merriman waima pompo. Takonza kujambula kanayi: chithunzi chotakata cha onse atatu, ziwiri za kuseri kwa phewa la mkazi aliyense, ndi chimodzi chapafupi kwambiri cha shuga akugwera m'kapu. Merriman asasowe nthawi yaitali. Akasowa, woonera amaiwala chimene chikuwaletsa akaziwa kutukwanizana poyera, ndipo ulemu wawo umangooneka wopusa.

Masana tinakonza tizinthu tomwe timaononga ntchito. Tiyi m'kapu azikhala mulingo umodzi nthawi iliyonse mukabwereza, apo ayi polumikiza zithunzi kapu imadzaza yokha. Keke pakhale angapo odulidwa mofanana. Supuni ikagunda sosala imameza mawu, ndiye pansi pa kapu pamatidwe kansalu, kulira kwakeko kujambulidwe padera. Kamera isaoloke mzere wolumikiza akazi awiriwa, kuopa kuti angaoneke ngati akuyang'ana mbali imodzi.

Madzulo kunali kudula mawu. Kawirikawiri tsamba limodzi la mawu a osewera limatenga mphindi imodzi, ngakhale kuti kuyankhana kothamanga kumafupikirapo. Nthabwala za Wilde zimayamba ngati mawu anzeru kenako n'kutembenuka kumapeto, choncho kudula theka n'kuipha. Kuli bwino kuichotsa yonse. Tagwirizananso kuti chikwama chomwe Jack anapezekamo ali khanda ku Victoria Station tisachionetse pamene Lady Bracknell, mayi ake a Gwendolen, akumufunsa mafunso. Choseketsa pamenepo ndi nkhope ya Lady Bracknell akumva nkhaniyo, ndipo mawa tiyambira pomwepo.