Kwiliti yanga inabadwa ngati nkhosa

Musandiseke anthuni, ine kusoka ndimatha ndithu, masiketi ndi mapilo sizindivuta. Koma tsiku lomwe ndinati ndisoke kwiliti, chofunda chija cha tizigamba tolumikizalumikiza, makina anga omwe anandiyalutsa.

Achemwali anga ndi akatswiri pa zimenezi ndiye anandilangiza bwinobwino kuti iwe kukutenthaku usavutike ndi thonje lapakati lija amati batting, ingotenga nsalu yazigambayo ndi nsalu yapansi usoke basi, imapepuka komanso ukachapa siyichedwa kuuma. Ine matama, ndinati achemwali imeneyo si kwiliti, ndi shiti yodzimva chabe. Kwiliti yeniyeni imakhala ya zigawo 3, chapamwamba, thonje pakati, chapansi, ndiye ukadutsitsa ulusi monsemo imatukumuka timapiri tokongola. Iwo anangoti chabwino mayi telala.

Ndinadula tizigamba 120, ndikusiya mamilimita 6 a msoko mbali zonse, masabata 3 athunthu msana ukuwawa, kusoka kusita kusoka kusita. Chapamwamba chinatuluka chokongola moti ndinachijambula kasanu.

Vuto linadza polumikiza. Ndinachita ulesi kusoka mkombero wa m'mphepete ndiye ndinasankha njira yachidule ija yosoka ngati pilo, nsalu ziwiri ziyang'anizane kumaso, usoke kuzungulira, usiye kabowo, kenako utembenuze. Pa njira imeneyi thonje limayenera kukhala pansi penipeni, kunja kwa nsalu ziwirizo, kuti potembenuza lilowe mkati. Koma ine mutu wanga unati thonje lapakati malo ake ndi pakati basi, nanga dzina lake likutanthauza chani? Ndinaliika pakati, mapini phaphapha, makina grrrr kwinaku ndikucheza pa foni, mpaka ndinatseka mbali zonse 4 osasiya bowo. Ndinasomola msoko pang'ono ndikudzitonthoza kuti aliyense amalakwitsa.

Ndiye kutembenuza kuja. Ndinalowetsa dzanja, kukoka, kukoka, thukuta kamukamu ngati ndikubereketsa ng'ombe, chinthu chija n'kutuluka. Mayo ine! Thonje lonse lili kunja, laphimba zigamba zanga zonse 120, choyera mbee chaubweyaubweya chagona pabedi. Mwana wanga wamng'ono analowa, kuyang'ana, ndikufunsa mwaulemu kuti amayi nkhosayi ndi yandani. Bambo ake anabwera kudzaona, anatsegula pakamwa, kuona nkhope yanga, anatseka ndikutuluka mwakachetechete, koma ndinawamva akuphulika kuseri kwa chitseko.

Zosomola msoko wonse wa mamita oposa 6 ndinalibe nazo mtima. Ndinatenga sizasi ndikumeta nkhosa ija kutsatira m'mphepete, thonje lonse kuchoka, ndikutsala ndi nsalu ziwiri zokhazokha. Eee, shiti yodzimva ija.

Chilungamo chake yopanda thonje ili ndi timavuto take. Timapiri tija palibe, ulusi umangogona fulati, ndipo ukayiyang'ana padzuwa misoko yonse imaonekera pa zigamba zoyera, makamaka pomwe ndinasitira msoko wa nsalu yakuda kulozetsa koyera m'malo mougonetsa kwakuda. Koma pamakina inadutsa ngati madzi, popanda zolimbana ndi chimtolo pakhosi pa makina, ndipo usiku wotentha munthu umagona osadzuka uli nyowee. Bambo aja amene ankaseka ndi amene pano amayikokera mbali yawo.

Achemwali atabwera anayitambasula, kuyigwiragwira, ndikuti aaa unamva malangizo anga eti? Ine nkhope gwaa ndinati ee achemwali, ndinaganizaganiza ndikuona kuti yopepuka ndiye yabwino. Iwo anayamba kutsina m'mphepete momwe tithonje totsalira tinkasuzumira mzere wonse ngati ndevu za agogo, ndikufunsa kuti nanga ubweyawu ukuchokera kuti? Ndisanapeze bodza mwana uja anathamangira kuchipinda, kubwera atafunda chithonje chonse chija kumutu, akukwawa ndikulira mee mee, ati azakhali onani nkhosa yomwe amayi anameta akulira.