Ulendo wa pandege wa mphindi imodzi ndi theka

Foni ndinali nditaigwira kale m'manja kuti ndijambule ulendo wonse. Ndege itangodzuka pachilumba cha Westray ndinaona nyanja pansi, ndiye ndikuti ndifufuze batani, ndinangomva matayala gu! Tafika pa Papa Westray. Mu kanema wanga muli bondo langa ndi msana wa woyendetsa ndege, basi.

Agogo ena amene ndinakhala nawo pambali anaseka mpaka kupukuta misozi. "Mwanawe, ukanangoyang'ana pawindo. Zojambulazo ulendo uno sizitheka." Iwo ndege imeneyi amaikwera ngati basi, akamapita kuchipatala ku Kirkwall, tauni yaikulu ya kumeneko. Ataona kuti ndachita manyazi, anandisonyeza njira yapansi yotsikira kunyanja, nkundiperekeza mpaka pachipata.

Westray ndi Papa Westray ndi zilumba za ku Orkney, kumpoto kwa Scotland. Pakati pa mabwalo a ndege a zilumba ziwirizi pali makilomita 2.7 okha, ndipo palibe ulendo wina wa pandege wa pandandanda waufupi kuposa umenewu padziko lonse. Amaulemba kuti ndi wa mphindi imodzi ndi theka, koma mphepo ikamakankha kumbuyo sufika n'komwe. Woyendetsa wina, Stuart Linklater, anaudutsapo m'masekondi 53. Kampani ya Loganair yakhala ikuuluka njira imeneyi kuyambira 1967, ndipo kandege kake, Britten-Norman Islander, kamanyamula anthu 8. Pokhala amakusankhirani ndi woyendetsa, kuti kulemera kufanane mbali zonse.

Koma musanyengeke ndi timphindi timeneti. Ndegeyo imayambira ku Kirkwall, ndipo ine kumeneko ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka chifukwa cha nkhungu yochokera kunyanja. Palibe womukalipira, nyengo ndi nyengo. Komabe kudikira maola asanu kuti ukauluke masekondi 90 kumawawa ndithu! Mukafuna kupita gulani tikiti msanga, mipando 8 sichedwa kudzaza, chikwama chikhale chaching'ono, ndipo tsiku limenelo musapangane ndi munthu.

Bwalo la Papa Westray ndi kanyumba kamodzi ndi msewu wa ndege pakati pa msipu. Otilandira anali anthu a pachilumba pomwepo, amene amasiya ntchito zawo ndege ikayandikira, kudzaima ndi galimoto yozimitsa moto, nkubwerera ikanyamuka. Chilumba chonse anthu safika 100.

Njira ya agogo aja inandifikitsa ku Knap of Howar, tinyumba tiwiri tamiyala tomwe anthu ankakhalamo zaka zoposa 5,000 zapitazo. Ndinalowa chowerama pakhomo pake, mphepo ikulira kunja, Westray ikuoneka patsidya ngati ungaponyepo mwala.

Pobwerera ndinakwera boti lopita ku Westray. Linatenga mphindi zoposa 20, ndipo foni ndinaisiya m'thumba.