Nkhono za m'dambo mu thanki ya pa loji

Sabata ino ndayendera matanki 14 a nsomba a makasitomala athu, koma imodzi yokha ndiyo yandisowetsa tulo, ndipo mtima sunatsikebe pamene ndikulemba izi.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kuchotsako madzi, kufinya siponji ya fiyuta yosefa madzi, kudulira Vallisneria (chomera cha m'madzi chonga udzu) amene watalika mpaka kugona pamwamba pa madzi. Pa ofesi ina ku Down Shops m'Chipata ndinapeza nsomba ziwiri zitafa chifukwa malaiti anazima usiku wonse, pampu ya mpweya n'kuima. Mapampu a mabatire ndinayamba kuwapempha m'chaka cha chilala cha 2024, madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba. Mpaka lero sanagulidwe.

Nkhani yeniyeni ndi ya pa loji ina ya mumsewu wa ku Mfuwe, kungotuluka pang'ono m'Chipata. Pali thanki ya malita 200 pamalo olandirira alendo. Ndinaikonza ndekha, n'kuikamo zomera za m'madzi: Anubias womangirira pa mtengo, Java fern pamiyala, Vallisneria kumbuyo. Vuto lake eni ake anaiika pafupi ndi windo, ndiye dzuwa la masana limawomba pagalasi. Kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa nyali nako kamasokonekera malaiti akazima, moti masiku ena nyali imayaka usiku wonse. Ndere yofiirira inakuta masamba, timadontho tobiriwira touma gwa tinadzaza pagalasi. Kwa mwezi wathunthu ndakhala ndikuwauza abwana a kampani yathu kuti tiitanitse nerite khumi, nkhono zodya ndere, kuchokera ku Lusaka. Anzanga a ntchito ino mukudziwa chifukwa chake. Nerite imapala ndere pagalasi ndi pa tsamba la Anubias osaboola tsambalo, ndipo ngakhale imwaze timazira take toyera pa mtengo, ana ake sakula m'madzi opanda mchere, choncho sidzaza thanki ngati ramshorn, nkhono ina ya m'matanki yoswana msanga. Yankho linali limodzimodzi sabata iliyonse: ndalama kulibe, dikirani.

Lachitatu m'mawa ndikulowa pa lojipo ndinaona galasi layerako. Nditayandikira, thupi linachita tsemwe. Munali tinkhono toposa makumi atatu tomwe sindinaikemo ine. Tina tinali tophwatalala ngati batani la malaya. Tina, ukatigwira nsonga ili m'mwamba, khomo la chigoba limakhala kumanzere. Ndinafunsa mayi wa pa kauntala kuti, "Asisi, nkhonozi zachokera kuti?" Iwo anati, "Anabwera nazo mnyamata wanu uja Loweruka, m'chigubu cha mafuta ophikira."

Ndinamuimbira foni pomwepo. Ndi mwana wa zaka 19, wangotha miyezi inayi pantchito, womvera kwambiri. Anati, "Amalume, abwana ndiwo anandituma. Anati nkhono ndi nkhono basi, zadzaza m'dambo, tiwonongerenji ndalama ku Lusaka." Ndinafunsa komwe anakatola. Anatchula kamtsinje kena kumunsi kwa komboni, pamene amayi amachapa ndipo ana amasambira. Ndinafunsanso chimene anavala kumapazi. Anati palibe, anangopinda thalauza n'kulowa mpaka m'maondo, n'kutha pafupifupi ola akutola pa mabango ndi manja. Kenako anawonjezera kuti usiku wa tsikulo miyendo inamuyabwa kwambiri, iye n'kumaganiza kuti ndi udzu.

Aliyense wokulira kuno kum'mawa amalidziwa likodzo. Tinali nawo anzathu kusukulu amene ankakodza magazi, ena n'kumati ndi chizindikiro cha kukula. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nkhono zofalitsa matendawa zimafanana kwambiri ndi zomwe timasunga m'matanki. Biomphalaria, yonyamula likodzo la m'matumbo, ndi ya banja limodzi ndi ramshorn, ndipo ndi maso okha n'kovuta kuzisiyanitsa. Bulinus, yonyamula likodzo la m'chikhodzodzo, imaoneka ngati tinkhono tija timabwera tokha ndi zomera zogula. Munthu wodwala akakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, mazira amaswa, tizilombo n'kulowa mu nkhono n'kuchulukana m'menemo. Pakapita milungu ingapo nkhonoyo imayamba kutulutsa tizilombo tosambira tsiku ndi tsiku, makamaka masana, ndipo timaboola khungu la munthu ngakhale lopanda bala. Nkhono yobadwira m'thanki ilibe vuto limeneli chifukwa sinakumanepo ndi mazira ochokera kwa munthu. Ya m'dambo ndi ina. Tsono ganizirani madzi ofunda a madigiri 25, osayenda kwenikweni, nyali ikuwala pamwamba. Thankiyo ilibe chivundikiro chokwanira, ndipo ana a alendo ndawaonapo kangapo atakwera pampando akupisa manja kuti agwire nsomba. Mayi wokonza m'zipinda amapukutanso m'mphepete mwake ndi kansalu m'mawa uliwonse.

Magolovesi aatali ofika m'zigongono kampani ilibe. Ndinathamangira ku msika wa Kapata pa njinga yahayala kukagula anga, ndi ndalama zanga. Nditabwerako ndinaphimba thanki ndi kulemba chikwangwani choti munthu asakhudze madziwo. Nsomba ndinazisamutsira m'ndowa ya madzi atsopano ndi kapampu. Nkhono ndinatola imodziimodzi ndi supuni, ndinapeza 37. Ntchito yowawa inali ya mazira, timagulu tangati phala loonekera mkati, tomatirira kunsi kwa masamba. Ndinazula chomera chilichonse n'kuyang'ana tsamba ndi tsamba padzuwa. Vallisneria yense ndinamutaya, chifukwa masamba ake ndi ambiri moti sungakhulupirire kuti wayera. Madzi sindinawathire mu ngalande yopita kumtsinje, ndinawathira pa dothi louma kuseri. Mchenga ndinauthira madzi owira n'kuuyanika.

Manijala wa lojiyo anandifunsa ngati palibe mankhwala ongothira kuti zithe msanga. Alipo, a kopa, ndipo amapha nkhono ndithu. Koma kopa amatsalira mumchenga ndi mu fiyuta, ndiye nerite tikadzaziika zingadzafe nazonso. Ndinakana. Ndinagwira ntchitoyo kuyambira 9 koloko mpaka dzuwa kulowa, makasitomala atatu a tsikulo ndinawalephera.

Madzulo ndinapita kwa abwana. Ndinaika botolo la nkhonozo patebulo pawo n'kunena kuti, "Bwana, mwanayu mwamulowetsa m'madzi a likodzo wopanda majombo, ndipo mwaika nkhonozi pamene ana a anthu amaseweretsa manja." Anandiyankha kuti ndikukulitsa nkhani, iwo anakulira kusambira m'madambo ndipo ali moyo. Kenako anafunsa kuti Vallisneria ndatayayo alipira ndani. Mawu amenewo ndiwo anandipweteka koposa. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pa ntchito ino, ndipo sindinabisepo kuti chilichonse chochokera kumtsinje, kaya ndi mwala, mtengo kapena chomera, sichilowa m'thanki ya kasitomala chisanaumitsidwe kapena kusungidwa pachokha. Thanki yosungiramo zatsopano tinali nayo. Anaigulitsa chaka chatha.

Lachinayi m'mawa ndinamutenga mnyamatayo kupita naye kuchipatala. Adokotala anamvetsera bwino, anayang'ana timatuza ta m'miyendo, n'kutiuza kuti kuyeza mkodzo pano sikungaonetse kanthu chifukwa nyongolotsi zake sizinakhwime kuti ziyambe kuikira mazira. Anatinso mankhwala a likodzo a praziquantel sagwira bwino pa nyongolotsi zazing'ono, choncho abwerenso pakatha milungu 6 mpaka 8, kapena msanga akayamba kutentha thupi ndi kutsokomola. Tili panjira anandifunsa kuti, "Amalume, kodi ntchito indithera chifukwa ndaulula?" Ndinamuuza kuti ine ndilipo, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala ndalilemba m'buku langa la ntchito, tidzapitira limodzi. Mayi wokonza m'zipinda uja ndinamufotokozeranso zomwezo kudzera kwa manijala wake.

Masana ake ndinali ku Katete, matanki awiri, palibe chachilendo kupatula nerite imodzi yakale imene chigoba chake chayamba kudyeka kunsonga. Madzi a pamenepo ndi ofewa, ndiye ndinaika tizidutswa ta korali mu fiyuta. Lachisanu ndinamaliza aja ndinawalephera Lachitatu, mmodzi anandikalipira ndipo ndinangopepesa.

Loweruka ndinabwerera ku loji. Thanki tinaisuntha kuichotsa pa windo, chinthu chomwe ndinapempha kalekale, ndipo nyali tsopano ikuyaka maola 7 okha, mayi wa pa kauntala ndiye akuyatsa ndi kuzimitsa ndi dzanja. Nsomba zabwereramo, zonse zili moyo. Anubias ndi Java fern zili m'mabeseni kunyumba kwanga, ndizisunga milungu itatu ndikuyang'ana ngati pali kankhono koswa. Nerite khumi zija eni lojiyo avomera kulipira okha, zikubwera pa basi ya ku Lusaka Lachiwiri, ndipo ndikazilandira ndekha pa siteshoni.