Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chikwama cha pafoni ndi mawu 12

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndipitirize. Ambiri mwafunsa chimene chinatilekanitsa ine ndi mnzanga wa ku koleji uja pa ntchito ya app ya chikwama cha crypto, ndalama za pa intaneti monga Bitcoin. Kuti mumvetse, muyambe mwadziwa mmene chikwama cha crypto chimagwirira ntchito.

Chikwamachi sichisunga ndalama. Ndalama zimalembedwa pa blockchain, kaundula wa pa intaneti wosungidwa ndi makompyuta ambiri, ndipo foni imangosunga kiyi wachinsinsi wosainira potumiza. Kiyiyo amachokera pa mawu 12, motsata njira yotchedwa BIP39 ya mu 2013. Foni imatola ma bit 128 (bit iliyonse ndi 0 kapena 1) mwachisawawa, n'kuwonjezerapo ma bit 4 otsimikizira, kenako n'kuwadula m'zigawo 12 za ma bit 11. Chigawo chilichonse chimaloza liwu limodzi pa mndandanda wa mawu 2,048. Ma adiresi anu olandirira ndalama pa manetiweki a Bitcoin, Ethereum ndi Tron amaphuka pa mawu omwewo, ndipo amene wawapeza watenga zonse.

Mnzangayo ankafuna kuti makiyi tizisunga ife pa seva, kompyuta yathu yaikulu, munthu azingolowa ndi nambala ya foni ndi PIN monga pa Airtel Money kapena Mpamba. Njirayo ndi yosavuta, sindikana. Koma seva imodziyo akaithyola akuba, anthu onse alira tsiku limodzi. Komanso tikanakhala tikusunga chuma cha eni ake, pamene Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti crypto si ndalama yovomerezeka m'dziko muno. Inu amene munalemba kuti ndinamukankha chifukwa cha dyera, nkhani yake ndi imeneyi. Sindinamulande kanthu.

Njira imene ndinasankha, yoti aliyense azisunga yekha mawu ake 12, nayo ili ndi chilonda chake. Mukuwakumbukira mayi aja ogulitsa zitenje ku Limbe, amene anali m'gulu loyamba loyesa app. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, iwo anayamba kusunga mpamba wawo mu USDT, crypto yotsata mtengo wa dola ya ku America. Mawu 12 aja sanawalembe papepala, anangowajambula pa foni yomweyo. Foniyo inagwera m'madzi ndipo sinayakenso. Anabwera kwa ine ndi foni yatsopano, nkhope ili gwa, akudziwa kuti ndithandiza. "Achimwene, ingondipatsani PIN ina." Ndinawafotokozera kuti palibe ofesi yoimbirako, palibe bwana amene angabweze kiyi. Sanamve msanga. Anakhala pansi n'kuyamba kutchula mawu amene ankakumbukira, ndipo anali anayi okha, osadziwanso kuti loyamba ndi liti. Mawu 8 otsalawo palibe kompyuta imene ingawapeze mongoyesayesa. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti adiresi yawo ndinali nayo, ndipo ndalamazo ankaziona ndi maso pa sikirini yanga, zonse zili bwinobwino. Anandifunsa kuti zingaoneke bwanji koma osatengeka. Mpaka lero funso limenelo limandipweteka mumtima.

Nyengo yotsatira inathera pa kulemba ndi kufufuta code. App ya lero imakana kujambulidwa pamene mawu ali pa sikirini. Pa Android timatero ndi FLAG_SECURE, lamulo la mu code loletsa kujambula sikirini. Siikupatsani adiresi yolandirira musanalembe mawuwo papepala n'kuyankha molondola ikakufunsani, mwachitsanzo, liwu lachitatu, lachisanu ndi chiwiri ndi lomaliza. M'fonimo mawuwo timawatsekera ndi kiyi wa AES (njira yobisira deta) wosungidwa mu Android Keystore, malo otetezedwa osungira makiyi m'foni, chifukwa Keystore payokha siisaina ndi secp256k1, masamu amene Bitcoin, Ethereum ndi Tron zimagwiritsa ntchito. Ena mwapempha kuti mawu 12 aja akhale a Chichewa. Ndinakana, chifukwa kiyi amawerengedwa kuchokera pa zilembo zenizenizo, ndipo mawu a pamndandanda wathuwathu zikwama zina zingawakane tsiku limene app yanga idzafe.

Msampha wina ndi wa netiweki. USDT imapezeka pa Tron, pa Ethereum ndi pa BNB Smart Chain. Adiresi ya Tron imayamba ndi T, choncho app imaizindikira yokha. Koma ya Ethereum ndi ya BNB Smart Chain zonse zimayamba ndi 0x ndipo n'zofanana ndendende, motero adiresi yokha singakuuzeni kuti mnzanu akudikira kuti. N'chifukwa chake dzina la netiweki timalilemba ndi zilembo zikuluzikulu, polandira ndi potumiza pomwe. Wotumiza amaonanso zilembo 6 zoyamba ndi 6 zomaliza za adiresi, popeza pali mavairasi amene amasintha adiresi mukaikopera.

Malipiro otumizira amasokonezanso ambiri. Munthu ali ndi USDT pa Tron, koma kuti atumize afunika TRX pang'ono, ndalama ya netiweki ya Tron. Pa Ethereum afunika ETH, ndalama ya netiwekiyo. App imayamba yawerengera zimenezi batani lotumizira lisanayake, ndipo ngati TRX ikuperewera imanena m'Chichewa kuti yatsala ingati.

Kwa anzanga olemba code: musawerengere ndalama ndi manambala a float, amene ndi manambala a madesimo, chifukwa 0.1 kuphatikiza 0.2 sikwana 0.3 ndendende. Gwiritsani manambala athunthu. Bitcoin imodzi ndi ma satoshi 100,000,000. USDT ili ndi madesimo 6 pa Tron ndi pa Ethereum, koma 18 pa BNB Smart Chain, ndipo mukaiwala kusiyana kumeneku app idzaonetsa chuma chimene kulibe kapena kutumiza fumbi lokhalokha. Yesani zonsezi pa testnet, netiweki yoyeserera, kumene makobili ake alibe mtengo, ndipo yesaninso pa foni yotchipa pamalo pamene intaneti imadukaduka.

M'gawo lotsatira ndikamba za tsiku limene amalume anandiitanira msonkhano wa banja, atamva kuti ndasiya ntchito ya malipiro a pamwezi chifukwa cha app imeneyi.