Pepala la 1937 lomwe likutetezabe ng'ombe mpaka lero

Sabata yathayi tinakangana ndi mnzanga wina amene akulemba thesis yake ya matenda a ziweto. Ndinamutumizira mapepala angapo a mu Onderstepoort Journal of Veterinary Research ndiye anandiyankha kuti ayi journal imeneyo sangaiwerenge kwambiri chifukwa impact factor yake, nambala imene anthu amayezera kutchuka kwa journal, ndi yaing'ono, akufuna ma journal akuluakulu basi. Nkhaniyi yandikhala pamtima masiku onsewa moti ndaona kuti bola ndingoilemba pano, chifukwa ndikudziwa kuti si iye yekha amene anaphunzitsidwa kuganiza choncho.

Kwa amene simukuidziwa, journal imeneyi ndi ya ku South Africa, dzinalo ndi la malo ena kumpoto kwa Pretoria komwe Arnold Theiler anatsegula labotale yofufuza matenda a ziweto mu 1908. Theiler anali wa ku Switzerland, anafika ku South Africa mu 1891, ndipo dzanja lake limodzi linadulidwa ndi makina odulira udzu atangofika kumene koma ntchito yonse ija anaigwira choncho. Kachilombo koyambitsa chigodola, Theileria parva, kanapatsidwa dzina lake. Journal yo inayamba kutuluka mu 1933, poyamba dzina lake linali lalitali, Onderstepoort Journal of Veterinary Science and Animal Industry, kenako analifupikitsa. Zimene imalemba sizinasinthe kwenikweni: matenda a ziweto ndi nyama zakutchire za mu Africa, ndi tizilombo timene timawafalitsa monga nkhupakupa ndi tintchentche toluma.

Tsono impact factor yo, anthu ambiri amangoitchula osadziwa kuti imawerengedwa bwanji. Ndi masamu osavuta. Amatenga mapepala onse amene journal inatulutsa m'zaka ziwiri zapitazi, nkuwerenga kuti chaka chino ofufuza ena awatchula kangati m'mapepala awo, kenako nkugawa ndi kuchuluka kwa mapepalawo. Tiyerekeze kuti journal inatulutsa mapepala 100 mu 2021 ndi 2022, ndiye mu 2023 atchulidwa ka 150, impact factor ikhala 1.5, basi. Anaiyambitsa ndi Eugene Garfield ndi Irving Sher cha m'ma 1960, cholinga chinali chothandiza kusankha ma journal, ndipo malaibulale ankaigwiritsa ntchito podziwa kuti agule ati. Panopa amatulutsa manambalawa chaka ndi chaka ndi a kampani ya Clarivate. Sinapangidwe kuti iziuza munthu kuti pepala lakutilakuti ndi labwino kapena ayi.

Zaka ziwiri. Taganizani bwino pamenepo. Kuti uone ngati katemera akuteteza ng'ombe umafunika kudikira nyengo ya mvula ifike, nkhupakupa zichuluke, ng'ombe zidwale kapena zisadwale, mwinanso ubwereze chaka china kuti utsimikize, kenako ulembe, akatswiri anzako aliunike pepalalo miyezi ndi miyezi, ndiye pamene munthu wina akufika poti atchule ntchito yako zaka ziwiri zija zinatha kalekale. Komanso amene amafufuza za khansa ya anthu padziko lonse ndi khamu, amene amafufuza za heartwater, matenda a ziweto ofalitsidwa ndi nkhupakupa, ndi ochepa moti ambiri amadziwana. Ndi chifukwa chake pali journal ya khansa imene nambala yake imapitirira 100 pomwe ma journal ambiri a ziweto safika ngakhale pa 5. Sikuti madokotala a ziweto ntchito yawo ndi yoperewera, owatchulawo ndi amene ali ochepa.

Ndinamuuza mnzangayo za Max Sterne. Mu 1937 Sterne analemba mu journal yomweyi za mtundu wina wa bakiteriya woyambitsa matenda a anthrax umene anaupeza ku Onderstepoort, umene unalibe chikuto chake chakunja chimene chimamuteteza kuti thupi lisamuphe. Popanda chikutocho bakiteriya sangaphe chiweto mosavuta koma thupi limamuzindikirabe nkupanga chitetezo. Mtundu umenewu amautchula 34F2, ndipo mpaka lero katemera wa anthrax amene amabaya ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa m'maiko ambiri padziko lapansi amapangidwa kuchokera ku mtundu womwewo. Chimene chimandigwira mtima ndi choti Sterne sankadziwa nkomwe kuti chikutocho chasowa bwanji, zoti bakiteriyayo anataya kachidutswa ka DNA kotchedwa plasmid zinadziwika cha m'ma 1980, patapita zaka zoposa 40. Iye anangoyang'anitsitsa, kuyesa pa ziweto, nkulemba zimene anaona mwachilungamo. Ndiye dokotala amene akubaya katemerayu lero salemba pepala lomutchula Sterne, amangobaya nkupita pa khola lina, ng'ombe imapulumuka, ndipo pa nambala ija sipawonjezeka kalikonse.

Wina ndi R.M. du Toit. Mu 1944 analemba momwemo kuti matenda a bluetongue a nkhosa amafalitsidwa ndi tintchentche ting'onoting'ono totchedwa Culicoides, ndipo ankatiganiziranso pa matenda opha akavalo a African horse sickness. Nthawi imeneyo anthu a ku Ulaya ankaona ngati ndi vuto la kutali, la maiko otentha. Koma mu 2006 bluetongue inabuka ku Netherlands, Belgium ndi Germany, nkhosa ndi ng'ombe kudwala, malonda a ziweto kusokonekera, ndipo akatswiri amene anathamangira kukatchera tintchentche m'makola ankadziwa chofunafuna chifukwa cha ntchito imene inayambira pa pepala la 1944 lija. Matenda a akavalo aja nawonso anakafika ku Spain mu 1987 ndi ku Thailand mu 2020. Matenda a ziweto sadziwa malire a dziko, amene lero ukuti ndi a anthu ena mawa ali pakhomo pako.

Heartwater nayo, kachilombo kake kanaoneka koyamba mu 1925 pamene Edmund Cowdry ankagwira ntchito ku Onderstepoort, koma kukaweta mu labotale kunja kwa thupi la chiweto zinatheka mu 1985, zaka 60 pambuyo pake, ndipo nazonso zinalembedwa mu journal yomweyi. Ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono chonchi.

Sindikunena kuti chilichonse chotuluka mu journal yaing'ono ndi chabwino ayi. Alipo ma journal achinyengo amene amangofuna ndalama, ukatumiza pepala lero mawa alilandira popanda wina aliyense kuliunika, ndipo amenewo ndi oopsa zedi pa ntchito ya ziweto chifukwa munthu akhoza kukhulupirira mlingo wa mankhwala wolakwika nkupha khola lonse. Ine ndikatsegula pepala ndimayamba ndaona kuti anayesa pa ziweto zingati, panali gulu lina losapatsidwa mankhwala loyerekezera nalo kapena ayi, magazi anawayeza ndi njira yanji, ndipo zimene akunena kumapeto zikugwirizana ndi manambala a mu tebulo kapena angokometsa. Zimenezi nambala ya pachikuto singakuuze. Ngakhale asayansi eni ake anatopa nazo, mu 2012 akonzi a ma journal ndi ofufuza anakumana ku San Francisco nkulemba chikalata chimene chimadziwika kuti DORA, chopempha kuti mayunivesite ndi opereka ndalama za kafukufuku asiye kuweruza munthu potengera impact factor ya komwe anasindikiza.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi momwe nambalayi imakokera ofufuza achinyamata. Munthu akadziwa kuti kukwezedwa pantchito kudalira nambala, amasiya kufufuza nyongolotsi za mbuzi kapena zomera zakupha ng'ombe, amapita ku mitu imene ili m'fashoni, ndiye mafunso amene mlimi akufunsa tsiku ndi tsiku amasowa woyankha. Journal ngati ya Onderstepoort imasunga malo oti mafunso amenewa alembedwe, ndipo masiku ano ndi yaulere pa intaneti, aliyense akhoza kutsitsa pepala pa foni osalipira kanthu, ngakhale akale ambiri anawajambula nkuwaika pa webusaiti ya University of Pretoria.

Mnzanga uja sanavomereze zonse, akuti oyesa thesis yake adzayang'anabe komwe mapepala ake achokera, ndipo pamenepo akunena zoona. Koma dzulo wandilembera kuti wapeza pepala la du Toit ndipo akufuna timuthandize kumvetsa momwe anagwirira tintchentche tija, ndiye tapangana kuti tiliwerenge limodzi Loweruka.