Apongozi anakwecha mendulo yanga ngati poto

Aliyense wosonkhanitsa mamendulo akale amalidziwa lamulo loyamba: osakwecha. Kuderako kwa mkuwa kumatenga zaka zambiri kuti kubwere, ndipo ogula amalipira komweko. Lamuloli ndaphunzitsa anthu ambiri, mokweza mawu ndithu, koma ndinaiwala kuwauza apongozi anga atabwera kudzationa kuno ku Cardiff, ku Wales.

Mendulo yake inali Mercantile Marine War Medal, imene Board of Trade, nthambi ya boma la Britain yoona zamalonda, inakhazikitsa mu 1919. Inali ya amalinyero a sitima zamalonda, anthu wamba osati asilikali, amene anadutsa ngakhale ulendo umodzi wokha m'nyanja zoopsa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pakati pa 1914 ndi 1918. Zinaperekedwa 133,135. Ndi yamkuwa, mamilimita 36 mulifupi, kutsogolo mutu wa mfumu George V, kumbuyo sitima ikulimbana ndi mafunde, chapafupi sabumarini (sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi) ikumira. Riboni yake ndi yobiriwira ndi yofiira, kamzere koyera pakati, monga nyali za sitima usiku. Ndinaigula £45 pa msika wa zinthu zakale, ili yokha, popanda inzake yasiliva, British War Medal, imene wolandira iyi ankalandiranso.

Chovuta ndi mendulo zimenezi n'chakuti m'mphepete mwake ankangodinda dzina basi. Udindo mulibe, nambala mulibe, dzina la sitima mulibe. Yanga inalembedwa Jones, ndipo Jones ku Wales ali ngati Banda ku Kasungu: ukaitana pamsika amatembenuka anthu khumi. Ndinatha masabata atatu ndikufufuza makadi a BT 351 a ku The National Archives ku Kew, amene amasonyeza chaka ndi malo obadwira komanso kumene mendulo inatumizidwa. Kenako ndinasakatula makadi a CR10, olembetsera amalinyero, a 1918 mpaka 1921, okoma chifukwa ali ndi chithunzi cha mwini wake. Ndinasankha Jones wanga, wothira malasha m'ng'anjo ya sitima, wandevu zakezake. Chithunzicho ndinachiika mu felemu pabalaza, ana n'kuyamba kumutchula agogo a Jones.

Tsiku latsokalo ndinafuna kungochotsa fumbi. Njira yake ndi yofatsa: madzi ofunda, kadontho kamodzi ka sopo, mswachi wofewa wa mwana, kuumitsa bwino, kenako kupaka phula loteteza la Renaissance Wax pang'ono kwambiri. Ndinali nditangoika mendulo m'sosala pafupi ndi sinki, riboni pambali, foni ya kuntchito n'kulira. Ndinatuluka kuti ndibwera pompano. Ndinabwera madzulo.

Nditalowa kukhitchini ndinaona chinthu chikung'anima pawindo ngati tambala yatsopano. Apongozi ali chikhalire pampando, nkhope ya munthu wogwira ntchito yotamandika.

"Bambo a Tadala, kandalama kanu kaja kanali kakuda zomvetsa manyazi. Phulusa kuno kulibe, ndiye ndangofinyira ndimu ndi mchere, n'kumalizitsa ndi sitiliwulo."

Ndimu ndi mchere zimadya kudera konse m'mphindi zochepa n'kusiya mkuwa wotuwa mofiirira. Sitiliwulo ndiye imasalaza malo okwera: ndevu za mfumu zinali zitametedwa, mafunde ataphwa, nyanja ili bata.

"Nanga kansalu kaja, amayi?"

"Ndakanyika mu jiki."

Riboni yakale ndi ya silika, ndipo jiki amaisungunula. Ndinavuula timaulusi totuwa, tonga ndevu za chimanga. Tsono mkamwini angatani? Apongozi sukalipira, ngakhale kuwayang'ana m'maso suwayang'ana. Ndinawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri amayi, mwagwira ntchito." Mkazi wanga anathawira kubafa, ndinkangomva akutsamwa ndi phwete.

"Koma pansipa pali tozikandakanda," anatero apongozi akuloza m'mphepete. "Ameneyo si ine ayi, ndapeza zili choncho."

Ndinatenga galasi lokuza kakhumi. Pamene panali litsiro lakuda, tsopano pankaoneka mizere ya tupa, yoyenda mbali imodzi. Zilembo sizinali zodinda. Chilembo chodinda chimakhala chakuya mofanana ndipo chimatukula chitsulo pang'ono m'mbali mwake, pamene izi zinali zogoba ndi dzanja, zosongoka pansi, zina zitapendekeka. Ndinatenga kalipa, kachida koyezera kukula kwa zinthu: mbali ndi mbali mamilimita 36, koma podutsa pa dzina 35.3. Wina anapala dzina lenileni n'kulembapo Jones, kenako n'kudetsa pamalopo kuti pafanane ndi ponse. Zimachitika, ndipo kuyeza kwake ndi mphindi imodzi, kumene ndimauza aliyense kuti achite asanatulutse ndalama. Tsiku logula lija kalipa inali m'thumba langa la jekete, koma ndinali pa changu choti wina angandilande.

Ndiye kuti masabata atatu aja ndinkalondola munthu amene mendulo iyi mwina sanaione n'komwe. Chithunzi sindinachotse, ana anakana, akuti ndi agogo awo.

M'mawa mwake ndinapeza apongozi ataima pakhomo la chipinda chimene ndimasungamo mamendulo ena 60, m'manja ali ndi ndimu zinayi.

"Bambo a Tadala, kiyi wa kabati iyi ali kuti? Ndasuzumira pagalasi, tonse n'takuda."