Chinyanja cha ku Kalingalinga

Pamene ndinkawoloka malire pa Mwami, kuchokera kwathu ku Mchinji, mtima unali m'malo. Ndinkati ku Lusaka amayankhula Chinyanja, ndiye ndikakhala ngati ndili kwathu. Ulendo wa basi kuchoka ku Chipata, kudutsa pa mlatho wa Luangwa, unatenga tsiku lonse.

Ndikuphunzira pa University of Zambia, yomwe inatsegulidwa mu 1966, ndipo ndimachita lendi ku Kalingalinga, kufupi ndi sukulu. M'mawa woyamba, mayi a nyumba anandipatsa moni kuti, "Mwauka bwanji, mwanangu?" Ine ndinati, "Ndadzuka bwino amayi, kaya inu?" Anaima kaye, tsache lili m'manja. Anati mayankhulidwe angawo ndi a malemu agogo awo a ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, ndipo anandiuza kuti ndibwerezenso.

Kuno amati "nifuna", osati "ndikufuna", ndipo Chibemba chimalowerera paliponse. Poyamba zinkandisokoneza, koma pano ndimazikonda kwambiri.

Loweruka lapitali anandiphikira chikanda, chija cha timizu ta m'nthaka tonga timbatata ndi nsinjiro, chothira tsabola. Tinadyera pakhonde, iwo akundifunsa mayina a ndiwo za kwathu limodzi ndi limodzi.